Kabuku ka ngongole ka atsibweni anga

Zikomo a Gulupu ndi mafumu nonse, abusa, akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano, ndi inu nonse amene mwasiya makasu anu kudzakhala nafe pa chiliza cha atsibweni anga. Andipempha kuti ndilankhulepo za mbiri ya womwalira, momwe timailembera kuno kwathu. Ndiyamba ndi zimene zinandichitikira ine ndemwe.

Usiku wa pa siwa, amayi akuimba m'nyumba, ife amuna tikuotha moto panja, akuluakulu anandiitanira kuseri n'kundipatsa pepala ndi cholembera. Akuti, "Iwe ndiye unapita kusukulu, lemba mbiri ya atsibweni ako, mawa ukawerenge." Ndinakhala pa benchi, tochi ya pafoni ili kukamwa, dzanja osayenda. Munthu amene anandilipirira fizi kuchokera fomu 1 mpaka fomu 4, ine osadziwa ngakhale chaka chimene anabadwa. Ndinafunsa ana awo, aliyense anatchula chake. Chitupa cha unzika chija tinalembetsa mu 2017 chinali ndi chaka chongoyerekeza. Kutacha ndinaimirira pamaso panu n'kuwerenga kuti anabadwa, anakwatira, anabereka ana mwakuti, zidzukulu mwakuti, anadwala, atisiya. Mphindi zitatu sizinakwane. Pokhala pansi mtima unandiwawa, chifukwa mawu amenewo akanatha kuwerengedwa pa maliro a bambo wina aliyense m'mudzi muno.

Chaka chonsechi ndakhala ndikufunsa zimene ndinayenera kufunsa eni ake ali moyo. Chimene ndaphunzira n'chakuti akuluakulu athu sasunga zaka ndi manambala, amasunga ndi zochitika. Mukafunsa gogo kuti, "Anabadwa chaka chanji?" akuyankhani kuti sakudziwa. Koma mufunse kuti, "Nthawi ya njala ya 1949 anali msinkhu wanji?" Alongo awo aakulu, amene akhala apowa, anandiyankha nthawi yomweyo kuti anali khanda la kumsana. Chaka ndinachipeza choncho. Zizindikiro zotere tili nazo zambiri: ufulu wa 1964, kubwera kwa kwacha ndi tambala mu 1971, riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Ana asukulu muli panonu, zilembeni zimenezi, ndiye makwerero ofikira zaka za makolo anu.

Pofunsa choncho ndi pamene ndinamva kuti atsibweni sanabadwe ali wamalonda. Mtima wawo unali ku Joni, ngati anyamata ambiri a nthawi imeneyo. Koma mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankachokera ku migodi, ndipo Kamuzu analetsa ulendowo. Kandalama kamene anasunga anagulira njinga yakapalasa. M'zaka zomwezo boma linalamula amwenye kuti achoke m'masitolo a kumidzi akachitire malonda m'mizinda, ndiye kuno kunatsala mpata. Iwo anayamba kuoda sopo, mchere, machesi, palafini, singano ndi ulusi, kumanga pa keliyala, ulendo wa ku Linthipe, ku Chimbiya, mpaka ku Thete, kutsata masiku a msika. Okala ija mukuidziwayi inabwera pambuyo, miyendo itayamba kutopa. Ndipo mpaka kukalamba, tambala 10 ankaitchabe sheleni.

Tsono chimene ndabwera nacho ndi ichi. Mayi athu a m'nyumba muno, akazi a malemu, anandipatsa kabuku aka, anakapeza m'thumba la pulasitiki pansi pa Buku Lopatulika. Ndi kope wamba la ana asukulu, chikuto chinachita kuda ndi mafuta a m'manja, m'mphepete mbewa zinalumako. Ndi kabuku ka ngongole. Tsamba lililonse dzina kumanzere, katundu pakati, mtengo kumanja. Munthu akabweza, ankadula mzere umodzi wowongoka. Koma mukafika pa masamba a Januwale ndi Febuluwale 2002, chaka chija tinadya gaga ndi zitsa za nthochi, mizere yasintha. Mayina ambiri sanadulidwe, angozunguliridwa, ndipo pambali analemba mawu amodzi okha ndi pensulo: "Zatha." Ndinawerenga tsamba ndi tsamba, misozi ikugwera pa pepala. Mayi athu akuti chaka chimenecho okala inatsala pang'ono kutsekedwa, mashelefu anangotsala machesi okha, ndipo m'nyumba mwawo momwe ankagona ndi phala. Sanauzepo munthu. Ngakhale ana awo amva dzulo.

Taonani, ine pa maliro ndinawerenga kuti "anali mkulu wa mpingo wokhulupirika". Sindinaname. Aliyense akudziwa kuti Lamulungu okala sinkatsegulidwa, kaya munthu agogode bwanji. Ndiwo ankafika oyamba kudzatsegula tchalitchi, ndiwo ankaphunzitsa kalasi, ndiwo ankayendera odwala m'mlaga mwawo pa njinga yomweyo ya malonda. Koma mawu akuti "wokhulupirika" tawatchula pa maliro ambiri mpaka anasuluka, mdzukulu akawamva sagwirapo kanthu. Mumuuze kuti agogo ake ankadzaza kapu ya mchere mpaka kusefukira osaipungula ndi chala, kapena mumuonetse tsamba la 2002 ili, adzadziwa mtundu wa munthu amene anachokerako.

Pali china chimene timaopa. Mbiri yathu timaiyeretsa kwambiri. Atsibweni anali ndi mkwiyo, tonse tikudziwa, makamaka mwana akasochoneza chenji. Ine ndemwe ndinalawako mkwapulo chifukwa cha tambala 5. Pamanda si pokambira milandu ayi, ndipo mwambo wathu wolemekeza malemu ndi wabwino, tiusunge. Koma m'kope la pabanja lembani munthu yense. Lembaninso kuti akakwiya masana, madzulo ankakuitana kudzadya nawo mbale imodzi, osanena kanthu, kungokukankhira nthuli yaikulu. Kupepesa kwawo kunali kumeneko.

Pempho langa kwa inu achinyamata ndi lakuti musadikire usiku wa pa siwa. Mafoni muli nawowa amajambula mawu. Madzulo ano khalani pansi ndi agogo, afunseni dzina la mfunda wawo, mudzi umene makolo anachokera, anabatizidwa kuti ndipo anawabatiza ndani, ndalama yoyamba anaipeza bwanji, agogo aakazi anakumana nawo kuti. Ena adzakana, adzati mukuwalodza imfa. Musakakamize, yambani ndi nkhani ya njinga kapena ya chinkhoswe, zinazo zidzatuluka zokha. Mukamaliza musasiye pafoni pokha, foni imabedwa, imagwera m'madzi. Lembani m'kope, lisungidwe ndi mwini mbumba.

Kwa inu abambo anzanga, kulemba kumeneku kufikenso pa chuma. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ndi mlandu, ndipo wilo imafuna siginecha yanu pamaso pa mboni ziwiri. Atsibweni analemba yawo, n'chifukwa chake mwaona okala ikadali m'manja mwa mayi athu, popanda wokokana naye.

Kabukuka sindiwerenga mayina ake pagulu, eni ake sanafune kuti wina achite manyazi. Kakhala ndi mayi athu m'nyumbamu. Amene akufuna kuona pamene panalembedwa dzina la bambo ake kapena la mayi ake, abwere payekha tikatha kudya, amutsegulira tsambalo. Zikomo mafumu, ndabweza mawu kwa inu.