Za mitundu ya mabatani mu ttk, voisi noti kwa mphwanga

Eya, mphwanga, uthenga wako uja ndaumva. Wati mu pulogalamu yako ya Python ija, ya tkinter yopangira mawindo ndi mabatani, batani likukana kusintha mtundu ukalidina. Chabwino, tiyambe ndi... ayi, dikira kaye. Ukugwiritsa ntchito ttk.Button kapena tk.Button wamba uja? Ngati ndi ttk, gawo la tkinter la mabatani atsopano lija, za bg, chidule cha background, mtundu wa batani, uziiwale. Ukalemba bg, Python ikukalipira pompo kuti unknown option. Ku ttk mtundu umadzera mu Style basi.

Ndiye pali ziwiri. style.configure ndi ya mtundu wa nthawi zonse, batani lili phee, palibe walikhudza. Imeneyo ukuidziwa kale. Inayo ndi style.map, ya pamene zinthu zasintha, zimene amati state. Mausi ikafika pamwamba pa batani amati active. Ukalidina, pressed. Likazimitsidwa, disabled. Mu map umalemba background, kenako mndandanda, m'katimo ziwiriziwiri, dzina la state ndi mtundu wake.

Tsopano apa tchera khutu, chifukwa apa ine ndinachezera usiku wonse. Tk, imene ili pansi pa tkinter, imawerenga mndandandawo kuyambira koyamba, ikangopeza chogwirizana imaima pomwepo, zotsalazo siziyang'ana n'komwe. Ine ndinayamba ndi active, wobiriwira, kenako pressed, wofiira. Ndidine, wobiriwira. Ndidinenso, wobiriwira yemweyo. Hex code, nambala ya mtundu ija, ndinasintha katatu konse, mpaka ndinayamba kukayikira sikirini yanga. Koma taganiza, ukamadina mausi imakhala kuti? Pabatani pomwepo! Ndiye kuti active ilipo, pressed ilinso pompo, zonse nthawi imodzi, ndipo active yapambana poti ili patsogolo. Wandimva? Ayi, ndibwereze. Disabled koyamba, kuti china chisaiphimbe. Pressed pakati. Active kumapeto. Pressed patsogolo pa active, osati kumbuyo. Ukafuna kunena kuti "pamene silinazimitsidwe" umaika chizindikiro chofuulira patsogolo, !disabled, koma zimenezo ina nthawi.

Aa, ndikanaiwala. Uli pa Windows, eti? Theme, kaonekedwe ka pulogalamu yonse, imene imabwera yokha kumeneko ndi vista, batani amalijambula ndi Windows mwiniwake, ndiye background yako siimveka, mwina ungoona kamtundu m'mphepete basi. Pa Mac, aqua, chimodzimodzi. Lemba style.theme_use, m'kati clam, theme ina imene imamvera mitundu yako, ndipo uchite zimenezo usanayambe configure ndi map, chifukwa zimene wasintha zimakhala mu theme imene inalipo nthawi imeneyo. Ukasintha theme pambuyo pake mitundu yako yonse yatsala kumbuyo.

China, dzina la style. Usakhudze TButton yeniyeniyo, ndiyo style ya mabatani onse a ttk. Panga lako, monga Chenjezo.TButton, kadontho pakati, T ndi B zazikulu, kenako pa batanipo ulembe style ndi dzina limenelo. Pali mnyamata wina tinkagwira naye ntchito, ndinamuuza zomwezi, iye ati aa n'kutaya nthawi. Anafuna batani la Delete lokha likhale lofiira. Atatsegula pulogalamu, Save wofiira, Cancel wofiira, mabatani onse psuu. Anandiimbira kuti kompyuta yake yalowa vairasi.

Za malembo, foreground, njira ndi yomweyo, mu map momwemo. Kungoti ukaika background yakuda pa pressed, uikenso foreground yoyera pa pressed, apo ayi mawu a pabatani azisowa ukadina. Yesa, unditumizire sikirinishoti ya map yakoyo ndione mmene wasanjira.