Imelo ya bizinesi: dzina ndi lanu, nyumba ndi yalendi

(Panja. Kumbuyo kukuoneka phiri la Zomba. Wofotokoza waima pafupi ndi positi ofesi.)

Moni nonse. Ndaima pafupi ndi positi ofesi ya kuno ku Zomba, ndipo ndaimapo dala. Amene tinakula kusanabwere mafoni a m'manja tikukumbukira kuti bizinesi yolongosoka inkakhala ndi bokosi lake kuno, ndipo kiyi wa bokosilo ankasunga mwini wake, kapena munthu womudalira ngati m'bale. Masiku ano makoteshoni ndi ma invoisi akuyenda pa imelo, koma funso ndi lomwe lija: kiyi ali ndi ndani?

(Mkati. Wofotokoza wakhala patebulo, laputopu ili patsogolo pake.)

Mayi wina amene ali ndi kaloji cha kunjira yokwera kuphiri anandiimbira foni tsiku lina. Akuti, "Achimwene, imelo yathu yangofa." Alendo ofuna malo ogona ankalemba, makalata n'kumabwerera kwa eni ake. Titafufuza tinapeza kuti mnyamata amene anawapangira webusaiti analembetsa dzina la pa intaneti la lojiyo m'dzina lake, ndi imelo yake, ndi khadi lake la kubanki. Sikuti ankafuna kuwabera ayi, anangodzera njira yachidule. Kenaka mnyamatayo anapita ku Johannesburg, nambala n'kusintha. Chaka chitatha, chikumbutso choti alipire chinapita kwa iye, mayiwo osadziwa kanthu. Dzina linatsekedwa, imelo n'kufera limodzi. Chikwangwani cha pamsewu, malisiti, timapepala topatsa alendo, zonse zinali ndi adiresi yakufa.

Kuti timvetse chimene chinachitika apa, tilekanitse zinthu ziwiri zimene ambiri amaziphatikiza.

(Pasikirini: adiresi ya imelo, mbali ya kumanja kwa chizindikiro cha @ yazunguliridwa.)

Choyamba ndi domeni, dzina limene limabwera pambuyo pa chizindikiro cha @. Aphunzitsi a ku University of Malawi, pa Chirunga pompa, ma imelo awo amathera ndi unima.ac.mw. Imeneyo ndi domeni ya yunivesite. Domeni sagula kamodzi ngati njinga. Mumalembetsa, n'kumalipira chaka ndi chaka. Yothera ndi .mw ndi ya dziko lathu, ndipo kaundula wake wakhala akusungidwa ndi bungwe la SDNP ku Blantyre. Yothera ndi .com mumalembetsa kudzera m'makampani monga Namecheap kapena GoDaddy, kapena kwa anthu a kuno amene amagulitsa m'malo mwawo.

Chachiwiri ndi kampani imene imasunga makalatawo pa makompyuta ake. Imeneyi ili ngati landilodi. Wakupatsani chipinda, magetsi ndi mlonda akuona yekha, inu mukungolipira lendi. Akakweza lendi mosayenera, kapena denga likayamba kudontha, mumasamuka, ndipo makasitomala anu sadziwa n'komwe, chifukwa adiresi ndi yomwe ija. Koma kusamukako kumatheka ngati domeni ili m'manja mwanu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Ndiye ngakhale mukupatsa munthu wina ntchito yokukonzerani, khalani naye pomwepo polembetsa domeni. Dzina lilembedwe la bizinesi yanu, nambala ya foni yanu, pasiwedi muike nokha. Ndipo imelo yolandirira zikumbutso isakhale ya pa domeni yomweyo. Ikani Gmail yanu yakale. Apo ayi, tsiku limene domeni idzatsekedwe, kalata yokuuzani kuti yatsekedwa idzapita kubokosi lotsekedwalo.

Wina afunsa kuti, kodi Gmail yaulere yalakwa chiyani? Siinalakwe. Ngati mumagulitsa sitiroberi kuphiri kapena mpunga wa ku Chilwa mumsika, makasitomala anu ali pa WhatsApp, musadzivute. Koma kuno ku Zomba kuli maofesi ogula zinthu ndi mapepala: yunivesite, MANEB, National Statistical Office, mabungwe osakhala a boma. Wosindikiza mabuku, wokonza makompyuta, wophikira misonkhano, onsewa amatumiza makoteshoni kumeneko, ndipo adiresi yokhala ndi dzina la mwana wanu woyamba ndi chaka chimene munakwatira siioneka bwino pamwamba pa koteshoni. Chachikulu kuposa maonekedwe n'chakuti akaunti yaulere ndi ya munthu amene anaitsegula. Mtsikana wa pakauntala akatsegula Gmail m'dzina la shopu, tsiku losiya ntchito amapita nayo, pamodzi ndi makalata onse a makasitomala. Komanso malo aulere ndi 15 GB, ogawana ndi Google Drive ndi zithunzi za pafoni. Akadzaza ndi zithunzi za ukwati, makalata amasiya kulowa.

Zoika seva yanuyanu muofesi, kutanthauza kompyuta yosunga ndi kutumiza makalata, tisatayepo nthawi. Amene munali kuno mu 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira, mukudziwa kuti magetsi ankabwera ngati mlendo. Seva ya imelo imafuna kuyaka usana ndi usiku.

(Pasikirini: mayina a makampani akubwera limodzilimodzi.)

Tsono malandilodi ake ndi ati? Google Workspace, imene mpaka 2020 inkatchedwa G Suite, ndi Gmail yomwe mukuidziwa kale koma yovala dzina la bizinesi yanu. Pulani yotsika imapereka 30 GB kwa munthu aliyense. Ubwino wake, palibe wofunika kumuphunzitsa. Microsoft 365 ndi ya amene moyo wawo uli mu Outlook, Word ndi Excel, ndipo bokosi la makalata limayambira pa 50 GB. Zoho Mail ndi ya kampani ya ku India, yotsika mtengo kuposa ziwirizi, ndipo ili ndi pulani yaulere ya anthu osaposa 5, aliyense 5 GB. Pulani imeneyi mumawerenga makalata pa webusaiti yawo kapena pa pulogalamu yawo ya pafoni basi, simungailumikize ku Outlook, ndipo saipereka m'madera onse, ndiye onani kaye ngati ikuoneka polembetsa.

Pali njira yachinayi imene mabizinesi ambiri a kuno ali nayo osadziwa: imelo yobwera pamodzi ndi malo osungira webusaiti, ija amalowera pa tsamba loyang'anira webusaiti lotchedwa cPanel. Imakoma chifukwa mabokosi mumatsegula ambiri popanda kuwonjezera ndalama, ndipo ngati wokusungirani ndi wa kuno, mumalipira makwacha, ena mpaka pa Airtel Money kapena Mpamba. Koma ili ngati nyumba za mdadada za ku Chikanda zogawana mita imodzi. Seva imodzi imanyamula mabizinesi ambirimbiri, ndipo mmodzi akabedwa pasiwedi, akaunti yake n'kuyamba kumwaza makalata achinyengo, seva yonse imaikidwa pa mndandanda wa okayikitsa. Inu osalakwa kanthu, koteshoni yanu n'kukagwera mu spam. Si onse otere, ena amasamala ndithu, koma afunseni kuti zikatero amachita chiyani, ndiponso kuti makalata anu amawasunga pawiri kapena ayi.

Tsopano nkhani imene mavidiyo a kunja sangakuuzeni: ndalama zakunja. Google, Microsoft ndi Zoho amawerengera mtengo pa munthu aliyense pamwezi, ndipo mtengowo ndi wa madola. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka cha pa K1,180 kufika cha pa K1,700. Amene ankalipira imelo pa madola anadzuka lendi itakwera, landilodi asanakweze n'komwe. Kuwonjezera apo, khadi la kubanki likhoza kukana kulipira kunja mwezi umene ndalama zakunja zavuta. Malangizo anga, musanasankhe kampani pitani kubanki mukafunse ngati khadi lanu limalipira pa intaneti kunja komanso malire ake. Likalola, lipirani chaka chathunthu kamodzi, mupume. Likakana, funani kampani ya kuno yogulitsa Microsoft 365 kapena Google Workspace pa makwacha, koma muuzane poyera kuti akaunti yoyang'anira, ija amati admin, ikhala yanu.

Ndipo musalipire mabokosi amene simukuwafuna. Apa anthu amataya ndalama zambiri. Mukufuna info@, sales@, accounts@ ndi bookings@, koma ogwira ntchito ndinu awiri, inu ndi achemwali anu. Lipirani mabokosi awiri. Ma adiresi enawo muwapange kukhala ma alias, kutanthauza mayina owonjezera olowetsa makalata m'bokosi limodzi. Google imalola mpaka 30 pa munthu mmodzi popanda kulipira. Microsoft ili ndi bokosi logawana limene anthu olipira kale amatha kulitsegulira limodzi, losafuna laisensi yakeyake.

(Pasikirini: tsamba la DNS la domeni, mizere inayi yaikidwa chizindikiro.)

Apa ndi pamene ambiri amathawira, koma dekhani, ndi mizere inayi yokha, ndipo kampani imene mwasankha imakupatsani zoti mukopere. Mumakaiika kumene munalembetsa domeni, pa tsamba lotchedwa DNS.

MX ndi mzere wouza dziko lonse kumene makalata anu azikatulidwa. Mukasamuka landilodi, ndi umenewu mumasintha.

SPF ndi mndandanda wa maseva amene mwawalola kutumiza makalata m'dzina lanu. Chenjerani, SPF imayenera kukhala imodzi yokha pa domeni. Ndaonapo anthu akuwonjezera yachiwiri osachotsa yakale, zonse ziwiri n'kusiya kugwira ntchito. Ngati webusaiti yanu kapena pulogalamu ya ma invoisi imatumizanso makalata, zilowe mumzere umodzi womwewo.

DKIM ili ngati chidindo cha amfumu pa kalata. Seva yanu imadinda kalata iliyonse, wolandira n'kutsimikiza kuti yachokeradi kwa inu ndipo sinasinthidwe panjira. Ku Google chidindochi sichiyamba chokha m'dzina la domeni yanu, mumachita kukachiyatsa pa tsamba la admin, ndipo ambiri amaiwala.

DMARC ndi malangizo anu kwa wolandira, oti achite chiyani ndi kalata yodzitcha yanu koma yolephera mayeso awiri aja. Yambani ndi p=none, kungoona kaye mmene zikuyendera, mukakhutira n'kumangitsa.

Kale munthu ukanatha kunyalanyaza zitatu zomalizazi. Kuyambira February 2024, Google ndi Yahoo anakhwimitsa. Aliyense wotumiza makalata ku Gmail ayenera kukhala ndi SPF kapena DKIM, ndipo otumiza oposa 5,000 patsiku ayenera kukhala ndi zonse pamodzi ndi DMARC. Makasitomala anu ambiri ali pa Gmail, ndiye lamuloli ndi lanunso.

Ngati mukusamuka kuchoka kwina, musagwetse nyumba yakale musanalowe yatsopano. Tsegulani kaye mabokosi onse kumalo atsopano, koperani makalata akale, kenaka sinthani MX. Kusinthaku kumatha kutenga mpaka maola 48 kuti kufike paliponse, ndiye ine ndimachita Lachisanu madzulo, yakale n'kuisiya yoyaka sabata ina yathunthu. Polumikiza foni kapena Outlook, mukafunsidwa IMAP kapena POP, sankhani IMAP. POP imatha kukokera makalata mu kompyuta imodzi n'kuwafufuta pa seva, ndipo laputopu imeneyo ikabedwa mu minibasi ya ku Limbe, makalata apita.

Za chitetezo ndinene ziwiri. Yatsani kutsimikizira kawiri, kumene kumafuna nambala yapadera kuwonjezera pa pasiwedi polowa, pa bokosi lililonse, kuyambira la admin. Gwiritsani ntchito pulogalamu ngati Google Authenticator kapena Microsoft Authenticator m'malo mwa SMS, chifukwa manambala ake amatuluka ngakhale pamene netiweki yathawa, ndipo wokuberani nambala ya foni sangawalandire. Manambala osungira pangozi, olowera nawo foni ikasowa, muwasindikize, muwaike m'kabati momwe muli satifiketi ya bizinesi.

Chachiwiri, akuba a pa imelo sathyola chitseko n'kuthawa. Amalowa m'bokosi, kukhala chete, kumawerenga. Akaona kuti kasitomala watsala pang'ono kulipira, amatumiza invoisi yofanana ndendende ndi yanu, chosintha ndi nambala ya akaunti ya kubanki yokha. Uzani makasitomala anu lero kuti simudzasintha akaunti kudzera pa imelo. Nanunso mukalandira kalata yoti "tasintha banki", imbani foni pa nambala imene munali nayo kale, osati yolembedwa m'kalatamo.

(Pasikirini: Gmail yatsegulidwa, mbewa ikudina timadontho titatu.)

Tiyese limodzi tsopano. Tumizani kalata kuchokera pa imelo ya bizinesi kupita ku Gmail yanu. Itseguleni pa kompyuta, dinani timadontho titatu ta kumanja, sankhani Show original. Pamwamba muona SPF, DKIM ndi DMARC. Pamene palembedwa PASS, pali bwino. Mzere ukasowa kapena pakalembedwa FAIL, jambulani sikiriniyo muwatumizire amene anakukonzerani, ndipo pa uthenga womwewo muwafunse tsiku limene domeni yanu ikutha ndiponso dzina limene inalembetsedwa. Mayi a kuloji aja anachita mwayi, mnyamata uja tinam'peza pa Facebook nthawi yowombolera dzina isanathe. Tsiku lolipira analilemba ndi cholembera chofiira pa kalendala ya kukhitchini, pafupi ndi tsiku logula gasi.