Za concerto ya Viotti ija, mvetsera kaye usanagwire uta

Halo, iwe, ukundimva? Chabwino. Concerto ndakuuza ija, nyimbo ya vayolini yotsagana ndi orchestra, ndi ya Viotti, Giovanni Battista Viotti wa ku Italy, nambala 22, ya mu A minor. Bamboyu analemba ma concerto a vayolini 29, ndiye usakatole ina pa intaneti n'kumati ndi yomweyo, ayi, 22. Anailemba ali ku London m'ma 1790, atachoka ku Paris zinthu zitavuta ndi Revolution, kuukira boma kwa ku France kuja.

Ndiye poyamba... ayi dikira, kuchuna ukudziwa, zimenezo sindinena. Ili ndi zigawo zitatu, Moderato, Adagio kenako Agitato assai. Iweyo gwira Moderato yokha kaye. Moderato, wamva? Osathamanga. Ika metronome, kachipangizo kowerenga kugunda kwa nyimbo kaja, pang'onopang'ono, manotsi othamanga aja uziwaimba ngati ukusankha mpunga m'lichero, imodzi imodzi. Uta uzigwiritsa wonse mpaka kunsonga, Viotti ankadziwika ndi mawu aakulu okoka, si zokanda nsambo ngati nkhuku pa dzala.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna umve. Kumayambiriro orchestra imaimba yokha nthawi yaitali iwe uli chiimire, vayolini m'manja, ukudikira. Ukamaimba ndi piyano, ambiri amadulako gawo limenelo. Gwirizanani ndi wa piyano kuti mudula pati, mulembe ndi pensulo, nonse awiri, pa mapepala onse awiri. Ine ndinapsa nazo. Tinangoti tidula, tidula, osalemba, tsiku lenilenilo mnzanga wa piyano uja anadula msanga ine ndikuwerengabe ma bar, timagawo ta nyimbo tija, m'mutu, ndikupukuta thukuta m'manja, ndingoona akundiyang'ana, wasiya kuimba. Holo yonse zii. Ndinalowa mochedwa, dzanja likunjenjemera, notsi yoyamba fwee. Ndiye ndikuti lembani. Osati mugwirizane pakamwa, ayi, pensulo. Ndipo ma bar anayi omaliza a piyano iwe usanalowe uwaloweze pamtima, uziwaimba pakamwa, kuti ngakhale kuwerenga kutasokonekera khutu likuuze kuti lowa.

Pali mnyamata wina ndinamuuza zomwezi, akuti aaa Viotti ndi ya ana asukulu, ine ndikufuna Brahms. Ndinangoseka. Brahms yemweyo, wopeka nyimbo wotchuka wa ku Germany, ankaikonda concerto imeneyi koopsa, ndipo mnzake Joachim, katswiri wa vayolini, anailembera cadenza, kagawo komwe wa vayolini amaimba yekha kuonetsa luso. Mnyamata uja mpaka lero akulimbana ndi tsamba loyamba.

Ndinali pati... eya, Adagio. Ili mu E major, ma sharp anayi, D sharp ija usamaitsitse, imakonda kugwa ukatopa. Koma imeneyo tidzaonera limodzi. Cadenza isiye kaye, usaigwire n'komwe. Utomoni usapake wambiri, ulendo watha uja vayolini yako inachita kuyera mbuu ngati yagwera mu ufa.

Loweruka ubwere ndi masamba awiri oyamba basi, ndi pensulo. Pensulo, osati bolopeni.