Kodi RAM yothamanga imafulumizitsadi kompyuta?

Moni nonse. Pa paketi ya RAM pamalembedwa nambala yaikulu yosonyeza liwiro lake, monga 3200 kapena 6000, ndipo ogulitsa amafuna maso anu athere pomwepo. Koma kodi nambalayi ikakwera, kompyuta imafulumiradi? Ngati ntchito yanu ndi kulemba mu Word, kuyenda pa intaneti ndi kuonera mavidiyo, kusiyanako simungakuone n'komwe.

Chimene chimafoola makompyuta ambiri ndi kuchepa kwa RAM. RAM ili ngati tebulo logwirirapo ntchito. Likadzaza, Windows imayamba kukankhira zina ku disiki, yomwe imachedwa kwambiri ngakhale ikhale SSD, mtundu wa disiki wothamanga. Apa m'pomwe mumadina kamodzi n'kumadikira, kenaka n'kudinanso mokwiya. Kwa munthu wotsegula zinthu zambirimbiri nthawi imodzi, 16 GB yochedwerapo imaposa 8 GB yothamanga.

Palinso kanambala kena kamene ambiri sakayang'ana, kolembedwa CL. Kamasonyeza kuchuluka kwa masitepe amene RAM imadikira isanayankhe purosesa, ubongo wa kompyuta, ndipo RAM ikakhala yothamanga, sitepe iliyonse imatenga nthawi yochepa. DDR4 ndi DDR5 ndi mitundu ya RAM, yatsopanoko ndi DDR5. DDR4-3200 CL16 imayankha pakatha mananosekondi 10 (nanosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni imodzi a sekondi). Nanga DDR5-6000 CL30? Mananosekondi 10 omwewo. Inde, DDR5 imanyamula zambiri ulendo umodzi, koma kuyankha kwake n'chimodzimodzi.

Tsono liwiro limaoneka pati? Makamaka pa makompyuta opanda graphics card (kachipangizo kojambula zithunzi) yapayokha, monga malaputopu ambiri. Mmenemo gawo lojambula zithunzi limabwereka RAM yomweyo, ndiye ikafulumira, magemu nawonso amayenda bwinoko. Komabe yambani mwawerenga timitengo ta RAM tomwe muli nato. Kamodzi ka DDR4-3200 kamatumiza 25.6 GB pa sekondi. Tiwiri toikidwa m'mipata yoyenera timafika 51.2 GB. Ine ndingasankhe tiwiri ta 8 GB kusiyana ndi kamodzi ka 16 GB. Dziwaninso kuti mukasakaniza yothamanga ndi yochedwa, zonse zimayendera liwiro la yochedwayo.

Musanagule chilichonse, chitani izi. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, pitani pa Performance, kenaka Memory, muone pomwe palembedwa Speed. Ngati munagula ya 3200 koma pakuoneka 2133 kapena 2400, RAM yanu ikuyenda mochepera mphamvu yake. Lowani mu BIOS, malo osinthira zoikamo omwe mumalowamo kompyuta ikungoyaka, muyatse XMP, yomwe imalola RAM kuyenda pa liwiro lolembedwa pa paketi, kapena EXPO ngati muli ndi purosesa ya AMD ndi RAM ya DDR5. Malaputopu ambiri alibe mwayi umenewu, choncho mukausowa musadabwe.