Mankhwala a opaleshoni ya mtsempha wa mu ubongo: zomwe gadiyani ayenera kuyang'ana

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo a kuno ku Kawale. Akumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Ambirife tinakhalapo gadiyani ku Central, ndiye lero ndikulankhula ndi magadiyani. Pali matenda omwe madokotala amati aneurysm. Mtsempha wamagazi wa mu ubongo umafooka pamalo amodzi n'kufufuma ngati chubu cha njinga chotha. Ukaphulika, munthu amamva mutu womwe sanaumvepo chibadwire, mwadzidzidzi, khosi n'kuuma, mwina kusanza kapena kukomoka. Madokotala amatsegula mutu n'kupana pofufumapo ndi kachitsulo, kapena amalowera mumtsempha wa m'mphechepeche n'kukadzazamo tinsambo. Kaya opaleshoniyo yachitikira kuno kapena ku India, mankhwala ake amafanana, ndipo angapo amasokoneza mutu womwewo.

Ogonetsa ndi opha ululu, monga propofol ndi morphine, amasiya munthu ali ndi tulo, nseru, nthawi zina kubwebweta. Agogo akhoza kukutchulani dzina la malemu, kapena kulimbana n'kuzula dripu. Musathamangire kunena kuti awalodza. Palinso mannitol, wophwetsa ubongo ukatupa. Amakodzetsa kwambiri, moti madzi ndi mchere wa m'magazi zimatha kusokonekera, munthu n'kuzunguzika. N'chifukwa chake anamwino amayeza mkodzo. Musakhuthule thumba la mkodzo lija asanalione, ngakhale mukufuna pabedi paoneke paukhondo.

Tsopano nimodipine. Apa mvetserani bwino. Magazi akatayikira mu ubongo, mitsempha yozungulira imatha kufinyika, makamaka kuyambira tsiku la 3 kufika la 14, ndipo mbali ina ya ubongo imaperewera magazi ngati sitiroko. Nimodipine amachepetsa ngozi imeneyi. Amamwa pa maola 4 aliwonse, usana ndi usiku, kwa masiku 21. Koma amatsitsa BP, choncho wodwala amamva chizungulire akadzuka, mwinanso mutu. Gadiyani wachifundo amati, "Wagona bwino, ndisamudzutse," n'kudumphitsa mapiritsi a 2 koloko usiku. Chifundo chimenecho ayi. Mudzutseni amwe, ndipo za chizungulirezo kauzeni namwino ayeze BP. Wosintha mlingo ndi dokotala.

Ena amapatsidwa oletsa kugwa khunyu. Phenytoin akachuluka m'thupi, munthu amadzandira ngati waledzera, lilime limalemera, maso amanjenjemera. Akatuluka zidzolo, makamaka pamodzi ndi zilonda m'kamwa kapena kutentha thupi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Levetiracetam amagonetsa, ndipo ena amawasandutsa aukali. Bambo wofatsa akhoza kuyamba kukalipira ana pachabe. Akazi awo amalira kuti opaleshoni yawasinthira mwamuna, chonsecho mwina ndi mapiritsi oti dokotala angathe kusintha.

Chovuta n'chakuti za mankhwala ndi za ngozi ya mu ubongo zimafanana nkhope. Kawirikawiri za mankhwala ogonetsa zimagwira thupi lonse mofanana, ndipo zimachepa maola akamapita. Koma dzanja limodzi likafooka, pakamwa pakapindikira mbali imodzi, kadontho kakuda kapakati pa diso limodzi kakakula kuposa kanzake, kapena amene m'mawa amacheza masana akuvuta kudzutsa, musadikire kuti dokotala adzazungulira mawa. Itanani namwino pompo. Ndipo musangoti "sakupeza bwino". Nenani kuti, "10 koloko anagwira yekha kapu ya phala ndi dzanja lamanja, pano ikumugwa." Mawu otere amathandiza kwambiri, chifukwa ndinu mumakhala pambali pake tsiku lonse.

Mayi uko akufunsa za amene amamwa kale mankhwala ena. Funso labwino, mayi. Ma ARV, a TB, a BP, aspirin, ngakhale azitsamba, atchuleni onse opaleshoni isanachitike, ndipo kabuku ka kuchipatala kakhale m'manja. Rifampicin wa TB amafooketsa nimodipine. Phenytoin amachepetsa mphamvu ya dolutegravir, yemwe ali m'ma ARV omwe ambiri akumwa pano, komanso ya mapiritsi akulera. Mowa nawo umawonjezera tulo ndi kudzandira, ndiye abambo, anzanu akatuluka m'chipatala musakawalandire ndi botolo.

Bambo avala chipewa apo anakweza dzanja kalekale. Funsani, bambo.