Dzimbiri pa mapaipi a mabuleki: kodi kutsuka pansi pa pikapu n'kulakwa?

Takulandirani nonse. Lero ndalowa pansi pa Hilux yakale iyi, tochi ili m'manja, kuti muone timapaipi tachitsulo toyenda m'mbali mwa chasisi. Tina timanyamula dizilo kapena petulo kuchokera ku thanki, tina timanyamula mafuta a mabuleki. Chitsulocho amachikuta ndi zinki, ndipo zinkiyo ikatha, madzi ndi mpweya zimayamba kudya paipi. Paipi ya dizilo ikaboka mumamva fungo, koma ya mabuleki imaphulika pamene mwaponda mwamphamvu, phazi n'kungotitimira mpaka pansi.

Pali bodza limodzi limene limanditopetsa, lakuti kutsuka pansi pa galimoto ndiko kumabweretsa dzimbiri. Ndalimva kwa madalaivala, ndalimvanso kwa amakaniko ena achikulire amene ndimawalemekeza. Pepani akuluakulu, sizoona. Madzi oyera amauma tsiku lomwelo, pamene matope a m'dzinja amene akanirira pamwamba pa thanki amasunga chinyezi kwa milungu yambiri. Taonani chibuma ichi chimene ndachikokota pa kilipi yogwira paipi: kunja chauma gwa, m'kati mwake n'chonyowa, ndipo paipi yatupa n'kuyamba kusendeka ngati khungwa la bulugama.

Ku America amathira mchere m'misewu nyengo yozizira pofuna kusungunula madzi oundana. Mu 2010 bungwe la boma loona za chitetezo cha magalimoto, la NHTSA, linayamba kufufuza mapaipi a mabuleki a mapikapu a Chevrolet Silverado ndi GMC Sierra a 1999 mpaka 2003. Pomaliza kafukufukuyo mu 2015, silinalamule kampani yopanga magalimotowo, ya General Motors, kuti iwaitanitse n'kuwakonza, koma linalangiza eni ake kuti azitsuka pansi pa galimoto kuti mchere uchoke. Wina anena kuti kwathu kuno sitithira mchere mumsewu. Nanga feteleza amene mumanyamula ku deki, thumba n'kung'ambika, mvula n'kumusungunula? Ameneyonso amadya chitsulo. Galimoto zochokera ku Britain nazo zimafika zitamwa kale mchere wa kumeneko. Tsono nazi zoyenera kuchita.

Choyamba, tsukani ndi madzi amphamvu, makamaka pamwamba pa thanki ndi pa ekiselo yakumbuyo.

Chachiwiri, yenderani paipi iliyonse ndi tochi ndi chala. Dzimbiri lofiirira losalala lingathe kudikira, koma paipi yotupa, yakumbika timaenje kapena yonyowa pa kilipi iyenera kuchoka yonse. Musalole kuti aidule n'kulumikiza ndi paipi ya labala yomanga ndi waya, ngakhale akuuzeni kuti n'zongofikira kunyumba, pakuti mphamvu ya m'mabuleki imapitirira 1,000 psi (psi ndi muyeso womwe timapimira mpweya wa m'matayala). Funsani paipi yosakaniza kopa ndi nikelo, imene Volvo inayamba kuika m'galimoto zake mu 1976. Imapindika mosavuta ndipo sichita dzimbiri ngati yachitsulo.

Chachitatu, sinthani mafuta a mabuleki pakatha zaka ziwiri zilizonse, poti mafuta a mtundu wa DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi n'kudya paipi cham'kati.

Lembani m'munsimu mtundu wa pikapu yanu ndi chaka chake. Sabata yamawa ndidzachotsa paipi yotupayi kuti muone mmene timakuzira kukamwa kwa yatsopano isanamangidwe.