Makalata a Omvera: Buku lachiwiri landikoma kuposa loyamba

Moni omvera nonse, takulandirani ku gawo la makalata pomwe timakambirana za mabuku amene mukuwerenga. Makalata a lero akukamba za mabuku otsatizana aja, a nkhani za mafumu, nkhondo, amatsenga ndi mayiko ongopeka. Ndichenjezeretu kuti tiulula zina za m'kati mwa nkhani, ndiye amene simunafike pamenepo mungathe kuchepetsako wailesi.

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina amene wapempha kuti tisatchule dzina lake. Akuti:

"Bambo muulutsi, ndangomaliza kumene The Two Towers, buku lachiwiri la The Lord of the Rings, lolembedwa ndi J.R.R. Tolkien. Loyamba lija ndinaliwerenga monyinyirika chifukwa ulendo unkachedwa kuyamba ndipo mayina anandichulukira. Koma lachiwirili landigoneka usiku kwambiri, mtima uli m'malere. Anzanga amati buku lapakati limakhala lozizira, longodutsirapo. Kodi ndine ndekha amene landikoma kuposa loyamba?"

Mayi, si inu nokha ayi, inenso ndili kumbali yanu. Buku loyamba limakhala ndi ntchito yolemetsa yotidziwitsa anthu, malo ndi malamulo a dziko lachilendo. Owerengafe timakhala ngati mlendo amene wangofika pamudzi, tikumvetsera kaye kuti uyu ndani, uyo ndani. Pofika lachiwiri, anthu aja asanduka abale athu, ndipo wolemba sakutayanso nthawi kuwalongosola. Apa ndi pomwe amayamba kuwaika m'mavuto enieni, ife n'kumamva kuwawa.

Taonani zimene Tolkien anachita. Gulu la anthu asanu ndi anayi, limene linanyamuka m'buku loyamba kukawononga mphete ya mphamvu zoipa, labalalika, ndipo iye akuligawa bukulo pakati. Theka loyamba tikuthamanga ndi Aragorn, Legolas ndi Gimli pofunafuna Merry ndi Pippin amene agwidwa ndi adani. Tikulowa m'dziko la Rohan, kwa anthu okwera pa akavalo, tikupeza mfumu Théoden itafooketsedwa ndi mabodza a nduna yake, tikuona nkhondo ya ku Helm's Deep. Nthawi yonseyi Frodo, wonyamula mpheteyo, sitikumuona ngakhale pa tsamba limodzi. Kenaka theka lachiwiri wolemba akutibweza m'mbuyo, n'kutisiya ndi anthu atatu okha, Frodo, wantchito wake Sam, ndi Gollum amene kale anali ndi mpheteyo ndipo akuifunabe, akuyenda m'madambo ndi m'miyala. Wolemba wamantha sakanayerekeza kutero. Iye anatikhulupirira kuti tidikira, ndipo kudikirako ndi komwe kumakoleza moto.

Pali malo amodzi, mayi, amene ndikufuna mubwererekonso. Ndi pa makwerero aja a Cirith Ungol, atatsala pang'ono kulowa kuphanga. Gollum wachoka, wapita kukakonza chiwembu chake chowapereka kwa kangaude wamkulu wa m'phangamo. Pobwerera akupeza Frodo ndi Sam ali m'tulo, mutu wa Frodo uli pamiyendo pa Sam. Akuwayang'ana nthawi yaitali, nkhanza zija zikuchoka m'maso mwake, ndipo akutambasula dzanja lonjenjemera n'kukhudza bondo la Frodo pang'onopang'ono. Kwa kamphindi akuoneka ngati kankhalamba kotopa kamene kataya abale ake onse. Pompo Sam akudzidzimuka n'kumukalipira, ndipo mpata wolapa uja watha. Tolkien mwiniwake analemba m'kalata ina kuti kwa iye apa mwina ndi pomvetsa chisoni koposa m'nkhani yonse. Zotere sizikanatigwira mtima m'buku loyamba, chifukwa tinali tisanayende ndi Gollum mokwanira kuti timumvere chifundo. Ndipo Sam sitingamude, popeza anachita zimenezo chifukwa chokonda mbuye wake.

Dziwaninso kuti Tolkien sanalembe mabuku atatu. Analemba nkhani imodzi yaitali, kuyambira 1937 mpaka 1949, ndipo osindikiza ake, a George Allen & Unwin, ndi amene anaigawa patatu chifukwa mapepala anali odula nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. N'chifukwa chake lapakatili silikhala longodzazitsa masamba. Loyamba linatuluka mu Julayi 1954, lachiwiri mu Novembala chaka chomwecho, koma lachitatu, The Return of the King, linadzafika mu Okutobala 1955. Inu mukudziwa m'mene lachiwiri limathera: Frodo ali moyo koma adani amutenga, Sam watsala kunja kwa chipata yekhayekha. Owerenga oyambirira anakhala pafupifupi chaka chathunthu ali pamenepo. Inu mungathe kutsegula lachitatu usiku uno, koma mukonzeke, Frodo simumupeza msanga.

Tipite ku kalata yachiwiri, ya bambo wina amene akuti ndi mphunzitsi.

"Ine ndinayamba ndi mafilimu. Nditagula buku lachiwiri ndinadabwa kuona likuyamba ndi imfa ya Boromir, pomwe mufilimu anafa kumapeto kwa gawo loyamba. Kangaude wamkulu ujanso ndinamupeza m'buku lachiwiri, chonsecho ine ndinamuona mufilimu yachitatu. Kodi buku langa ndi lolakwika?"

Aphunzitsi, buku lanu lili bwinobwino. Peter Jackson, amene anajambula mafilimu aja ku New Zealand n'kuwatulutsa mu 2001, 2002 ndi 2003, anasuntha zinthu zina. Filimu imafuna kuthera pachimake, ndiye imfa ya Boromir anaikokera kumapeto kwa yoyamba. Komanso iye ankaonetsa nkhani za magulu onse mosinthanasinthana, motsatira masiku, ndipo mwa kawerengedwe ka masiku a m'nkhaniyo Frodo amakumana ndi kangaude Shelob nthawi imene nkhondo yafika kale ku Gondor, dziko la kwawo kwa Boromir. Chimene ine sindinagwirizane nacho ndi m'mene anamusinthira Faramir, mng'ono wake wa Boromir. M'buku, mkulu ameneyu atazindikira kuti Frodo ali ndi mphete ndipo angathe kumulanda, amaikana ndipo amawalola apaulendowo kupitiriza. Mufilimu amayamba wawatenga kupita nawo ku mzinda wa Osgiliath. Kukana kwake kuja ndi kumene kumatisonyeza kusiyana kwa iye ndi mkulu wake Boromir, ndiye mukafika pamenepo werengani mofatsa.

Kalata yomaliza ndi yaifupi, ya mtsikana wina wapasukulu.

"Ndakonda buku lachiwiri la mndandanda wina, koma ndamva kuti wolemba sanamalize mabuku onse. Ndipitirize kapena ndisiye, kuopa kudzasiyidwa panjira?"

Mwanawe, mantha akowo ali ndi maziko. George R.R. Martin anatulutsa A Game of Thrones mu 1996, lachiwiri mu 1998, lachitatu mu 2000. Kenaka anayamba kuchedwa: lachinayi linafika mu 2005, lachisanu mu 2011, ndipo owerenga akhala zaka zoposa khumi akudikira lachisanu ndi chimodzi. Robert Jordan anayamba The Wheel of Time mu 1990 koma anamwalira mu 2007 asanamalize. Mwamwayi anasiya zolemba zofotokoza mathero, ndipo Brandon Sanderson anatsiriza ntchitoyo ndi mabuku atatu, lomaliza mu 2013, onse pamodzi n'kukwana 14.

Komabe ine ndikuti pitiriza. Wanena wekha kuti lachiwiri lakusangalatsa, ndipo chisangalalo chimenecho wachilandira kale, palibe angakulande ngakhale lomaliza litapanda kubwera. Chimene ndingakulangize n'chakuti ukamaliza buku lililonse uzilemba pa tsamba limodzi kuti aliyense wathera kuti, ali ndi ndani, ndipo akufuna chiyani. Mabuku oterewa amakhala ndi anthu ambirimbiri, ndipo pakapita zaka umaiwala amene anapereka mnzake. Tsamba limenelo lidzakuthandiza kuti lotsatira likadzatuluka usadzayambirenso poyamba.

Nthawi yatithera. Amene mwatumiza makalata okhudza mabuku achitatu, tawasunga ndipo tidzawawerenga sabata ya mawa. Mayi a kalata yoyamba aja, mukamaliza The Return of the King mutilemberenso, tikufuna timve maganizo anu pa zimene Gollum amachita kumapeto. Tsalani bwino.